Romeo ndi Juliet: chibwana cha ana, nanga akuluakulu anali kuti?

Mkangano wa sewero la Romeo and Juliet sutha, ndipo nthawi zambiri umagawa anthu pawiri. Ena amati awiriwa ndiye chikondi chenichenicho, anaphedwa ndi dziko loipa basi. Ena amati aaa, zachibwana izi, ana awiri oti aonana Lamlungu usiku, Lolemba akwatirana, pofika Lachinayi m'mamawa onse ndi mitembo, nde tiziti chikondi? Amene anawerengapo bukuli ku sekondale akukumbukira funso lija aphunzitsi ankalikonda kwambiri, loti ndani ali ndi mlandu pa imfa ya awiriwa, ndipo yankho lake linali loloweza: tsoka, udani wa mabanja awo (a Montague kwa Romeo ndi a Capulet kwa Juliet), kupupuluma kwa achinyamata. Yankho limeneli mamakisi limapatsa ndithu, koma limawaunjika onse pamodzi ngati analakwa mofanana, pomwe seweroli ukaliwerenga mofatsa umaona kuti aliyense anali ndi mbali yakeyake. Kupupuluma kulimo paliponse, kwa mwana wa zaka 13, kwa bambo ake okalamba, ngakhale kwa wansembe yemwe amalalikira za kufatsa. Nde kuti tiweruze bwino tiyenera kumufunsa aliyense payekha: unkadziwa chani, unali ndi njira zingati, unasankha iti.

William Shakespeare sanapeke yekha nkhaniyi. Inali ikuzungulira kale ku Italy. Luigi da Porto, cha m'ma 1530, ndi amene anaiika mumzinda wa Verona n'kuwapatsa awiriwa mayina omwe timawadziwawa, Matteo Bandello anailembanso mu 1554, kenako inadutsira ku France, mpaka mu 1562 Arthur Brooke anailemba m'Chingerezi ngati ndakatulo yaitali. Ndakatulo imeneyi ndi yomwe Shakespeare anagwiritsa ntchito polemba sewero lake chapakati pa zaka za m'ma 1590, ndipo linasindikizidwa koyamba mu 1597. Chosangalatsa n'choti Brooke, m'mawu ake oyamba kwa owerenga, sanabise mbali yomwe anali. Kwa iye awiriwa anali chenjezo: achinyamata otengeka ndi chilakolako, osamvera makolo, omangokambirana zinsinsi zawo ndi amayi amiseche komanso ansembe osadalirika. Ndiye kuti maganizo oti "anadzipalira okha" ndi akale kuposa sewero lenilenilo.

Shakespeare anasintha zinthu ziwiri zomwe zikukhudza kwambiri nkhani ya mlanduyi. Choyamba ndi msinkhu. Kwa Brooke, Juliet ali pafupi kukwanitsa zaka 16, koma Shakespeare anamutsitsa mpaka 13, ndipo amatibwerezera dala kuti tisaiwale. Mlezi wake, yemwe m'bukumo amangotchedwa Nurse, amawerengera mpaka tsiku, kuti mwanayu akwanitsa zaka 14 usiku wa pa 31 July, ndipo kwatsala masabata awiri ndi masiku ochepa. Chachiwiri ndi nthawi. Kwa Brooke nkhaniyi imayenda miyezi ingapo, awiriwa amakhala pabanja lawo lachinsinsi kwa kanthawi ndithu, pomwe kwa Shakespeare zonse zimachitika masiku anayi ndi kam'mawa ka tsiku lotsatira. Munthu amene wachotsa miyezi n'kusiya masiku, wachotsa zaka n'kusiya mwana, akufuna kuti tione liwirolo, ndipo akufunanso kuti tivutike poweruza.

Pali bodza lomwe limayenda loti "kale anthu ankakwatiwa ali aang'ono choncho, nde panalibe chodabwitsa". Lamulo la mpingo linkaloladi mtsikana wa zaka 12 ndi mnyamata wa zaka 14 kukwatirana, koma anthu wamba a ku England nthawi ya Shakespeare ankalowa m'banja mochedwa, akazi ambiri ali ndi zaka zopitirira 20, amuna mochedwerapo. Mabanja olemera ndi omwe ankakonda kumangitsa ana msanga chifukwa cha chuma ndi maudindo. Nde anthu omwe ankaonera seweroli ku London ankaona Juliet ngati mwana ndithu. Olo bambo Capulet enieniwo, bambo ake a Juliet, Paris, wachibale wa Kalonga wa mzindawo, atabwera koyamba kudzafunsira, amamuuza kuti adikire zaka zina ziwiri chifukwa mwanayo sanalidziwe dziko, ndipo amaonjeza kuti atsikana omwe amakhala amayi msanga amawonongekanso msanga. Shakespeare yemweyo anakwatira Anne Hathaway mu 1582 ali ndi zaka 18, ndipo mwana wake woyamba Susanna anabadwa mu 1583, ndiye kuti pomwe ankalemba za Juliet kunyumba kwake kunali mtsikana wa msinkhu pafupifupi womwewo. Kwathu kuno ukwati ngati umenewu lero ndi mlandu wa kukhoti, pajatu lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Za Romeo seweroli silitchula zaka, timangoona kuti ndi mnyamata wosakwatira, woyenda ndi lupanga komanso gulu la anzake.

Romeo ndiye ali ndi mlandu wooneka. Tikamuona koyamba Lamlungu m'mawa akulira chikondi, koma osati cha Juliet, cha Rosaline, mtsikana yemwe wamukana. Amadzitsekera kuchipinda, amatseka mawindo masana, amayenda yekha usiku akugwetsa misozi. Kupate ya a Capulet amapita kuti akamuone Rosaline yemweyo, ndipo amalumbira kuti dzuwa silinaonepo mkazi wokongola ngati iye. Usiku womwewo waona Juliet, Rosaline wafufutika. Bambo Laurence, wansembe wa chipani cha Franciscan, amamuseka m'mawa mwake kuti misozi ya Rosaline sinaume n'komwe patsaya, ndipo amati chikondi cha anyamata chimakhala m'maso, mumtima mulibe. Izi zokha si mlandu, ndi unyamata, ambiri anadutsamo. Koma zikutionetsa khalidwe lake: chomwe akumva panthawiyo ndiye dziko lonse, dzulo kulibe, mawa kulibe.

Malo omwe ine ndimati apa mfana analakwa ndi Lolemba masana, ola limodzi chabe atamanga ukwati. Tybalt, msuweni wa Juliet, amamufunafuna kuti amenyane chifukwa cholowerera pate ija. Poyamba Romeo amachita bwino kwambiri, amatukwanidwa koma amakana ndeu, chifukwa akudziwa kuti tsopano Tybalt ndi wachibale wake. Vuto ndi loti palibe amene akudziwa chifukwa chake, nde mnzake Mercutio amaona ngati ndi mantha ochititsa manyazi, amasolola lupanga, Romeo amalowa pakati kuti aleretse, Tybalt amabaya Mercutio kudzera kunsi kwa mkono wa Romeo. Mpaka apa Romeo alibe mlandu, ankafuna mtendere. Koma Mercutio atamwalira Tybalt amabwereranso, ndipo Romeo amanena poyera kuti kufatsa kuchoke, ukali unditsogolere. Ameneyo ndi munthu amene wasankha, ndipo akudziwa kuti akusankha. Dzulo lake lomwelo Kalonga Escalus anali atalengeza kuti aliyense woyambitsanso ndeu mumsewu aphedwa, komanso Mercutio anali wachibale wa Kalongayo, ndiye kuti Tybalt anali atadziphera kale yekha, Romeo akanangodikira lamulo likanagwira ntchito yake. Sanadikire. Anapha Tybalt, kenako n'kufuula kuti iye ndi chidole cha tsoka. Ayi ndithu, tsoka silinasolole lupanga.

Koma tisathamangenso apa. Mumzinda ngati Verona wa m'seweroli mnyamata woti mnzake waphedwa pamaso pake, chifukwa cha iye, akangoima chilili ndiye kuti ulemu wake watha. Romeo amadandaula kuti kukongola kwa Juliet kwamufoola, kwamuchotsa umuna. Maganizo amenewa sanabadwe nawo, anawaphunzira kwa akuluakulu omwe kumayambiriro kwa sewero timawaona akuitanitsa malupanga ali ndi imvi, mpaka mayi Capulet kuwauza amuna awo kuti chomwe akufunika ndi ndodo yoyendera. Mlandu wopha ndi wa Romeo, koma sukulu yomwe inamuphunzitsa kuti mwamuna weniweni amabwezera ili ndi eni ake.

Chilango chitatuluka, choti achoke mu Verona m'malo mophedwa, Romeo amagona pansi m'chipinda cha bambo Laurence akulira ngati mwana, amati bola imfa, mpaka kusolola mpeni kuti adzibaye. Wansembeyo amachita kumuwerengera mwayi wake: Juliet ali moyo, Tybalt amafuna kukupha koma wafa ndi iye, lamulo limati imfa koma wangothamangitsidwa. Ndipo Mantua si kutali, ndi makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Verona. Kenako Lachitatu, wantchito wake Balthasar atabwera ndi uthenga woti Juliet wamwalira (pomwe iye anali atangomwa mankhwala omugoneka ngati wakufa), Romeo amafunsa kawiri ngati pali kalata yochokera kwa wansembe, amauzidwa kuti palibe, ndipo m'malo moti adabwe kuti bwanji munthu amene analonjeza kumanditumizira nkhani wakhala chete pa nkhani yaikulu chonchi, iye amati zilibe kanthu. Balthasar amamupempha kuti adekhe chifukwa nkhope yake ikuoneka yoopsa. Romeo amapita kwa wogulitsa mankhwala wosauka, amadziwa kuti ku Mantua kugulitsa poizoni ndi mlandu wa imfa, nde amagwiritsa ntchito njala ya bamboyo kumukakamiza ndi ndalama 40 zagolide. Atafika ku Verona sadutsira kwa bambo Laurence olo mphindi imodzi, amalunjika kumanda. Kumeneko amapha Paris, ngakhale kunena zoona anayamba wamuchonderera kuti achoke. Ndipo chowawa kwambiri, amayang'ana Juliet n'kudabwa kuti milomo ndi masaya ake zikadali zofiira ngati wamoyo, umboni uli pamaso pake, koma mutu unali utatseka kale. Anthu awiri anafa ndi dzanja lake, wachitatu ndi iye mwini. Unyamata ukhoza kufotokoza chifukwa chake, koma mayi ake a Paris sungawauze kuti pepani anali mwana.

Juliet ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anthu omwe amati onse anali zitsiru. Wamng'ono pa onse ndi iyeyu, koma ndi amene amaganiza kwambiri m'sewero lonse. Usiku uja Romeo atalumpha mpanda akulankhula za mapiko a chikondi, Juliet akufunsa mafunso enieni: walowa bwanji, wakulozera ndani, ukudziwa kuti abale anga akakupeza akupha? Romeo akafuna kulumbira pa mwezi, iye amati usatero, mwezi umasinthasintha. Ndi Juliet yemweyo amene amanena kuti pangano lawoli lachitika mopupuluma, mosaganizira, ngati mphezi yomwe imazima usananene kuti kwang'anima. Komano, mphindi zochepa pambuyo pake ndi iyenso amene amayambitsa za ukwati, kuti ngati cholinga chako n'chabwino unditumizire uthenga mawa wa malo ndi nthawi. Ena amati apa ndiye chibwanacho. Mwina. Koma kwa mtsikana wa m'banja ngati limenelo panalibe za chibwenzi choti muziyenda limodzi chaka chonse mukudziwana. Panali ukwati kapena manyazi, ndipo madzulo omwewo amayi ake anali atamuuza kale kuti aziganizira za Paris. Kupempha ukwati inali njira yake yoyesera ngati mnyamatayu ndi wozama kapena akungofuna kumuseweretsa.

Tangoonani kusiyana kwa ufulu wa awiriwa. Romeo amayenda usiku wonse osagona kwawo, palibe amamufunsa, ali ndi anzake, ali ndi wantchito, ali ndi ndalama, akhoza kubwereka mahatchi. Juliet alibe mnzake olo mmodzi wa msinkhu wake m'sewero lonse, ndipo kuti atuluke panyumba ayenera kupempha chilolezo chopita kukalapa kwa wansembe. Anthu ake ndi anayi basi: bambo, mayi, mlezi ndi bambo Laurence. Lachiwiri m'mawa atatu mwa anayiwa amamutaya motsatizana, pa ola limodzi.

Zimachitika chonchi. Lolemba usiku, mtembo wa Tybalt usanazizire n'komwe, bambo Capulet omwe aja ankati zaka ziwiri amamuuza Paris kuti ukwati uchitike Lachitatu, kenako amati ayi Lachitatu lafulumira, likhale Lachinayi. Mwanayo sanamufunse. Juliet atakana mwaulemu, atagwada, bamboyo amalusa moopsa, amamutchula mayina onyansa, amati zala zawo zikuyabwa kufuna kumumenya, ndipo amamuuza kuti akapanda kukwatiwa ndi Paris akapemphetse, afe ndi njala mumsewu, sadzamutchulanso mwana wawo. Juliet amatembenukira kwa amayi ake, kupempha kuti angochedwetsa mwezi umodzi, olo sabata imodzi, amayiwo amati usandilankhule, ndathana nawe. Amatsala mlezi, mayi amene anamuyamwitsa, amene ananyamula mauthenga onse, amene anabweretsa makwerero a chingwe oti Romeo akwerere kuchipinda. Mayi ameneyu, akudziwa bwinobwino kuti mwanayu ndi wokwatiwa kale pamaso pa Mulungu, amamulangiza kuti angokwatiwa ndi Paris chifukwa Romeo ali ngati wakufa kale ndipo poyerekeza ndi Paris ndi chisanza chopukutira mbale. Nde mundiuze, pa anthu anayi omwe ali m'chipindamo, wachibwana ndi ndani?

Pali zomwe asayansi apeza zomwe zimathandiza kumvetsa zonsezi. Mbali yakutsogolo ya ubongo, yomwe imagwira ntchito yodziletsa ndi kuganizira zotsatira, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20, pomwe mbali zokhudza chilakolako ndi kutengeka zimadzuka msanga munthu akangotha msinkhu. Katswiri wina wa ku America, Laurence Steinberg, pamodzi ndi Margo Gardner anachita kafukufuku yemwe anatuluka mu 2005, pomwe anthu ankasewera gemu yoyendetsa galimoto pa kompyuta, ndipo anapeza kuti achinyamata amachita zoika moyo pachiswe kwambiri anzawo akamawaonerera, pomwe akuluakulu sasintha kwenikweni. Ndiye kuti wachinyamata akakhala phee payekha amatha kuganiza bwino ndithu, vuto limabwera magazi akatentha komanso pagulu. Shakespeare analibe makina ojambulira ubongo koma anazilemba ndendende: Romeo yemwe bambo Capulet enieniwo amavomereza kuti mzinda wonse umamutama kuti ndi mnyamata wakhalidwe, ndi yemweyo amene amapha munthu masana kukutentha, anzake akuona. Koma mfundo imeneyi imadula mbali ziwiri. Ngati ubongo wa ana unali usanakhwime, wa bambo Capulet unali utakhwima kalekale, wa wansembe chimodzimodzi, nde iwowa chodzikhululukira chawo n'chiyani?

Bambo Laurence ndi amene amandivuta kwambiri chifukwa ndi munthu wabwino, ndipo anthu abwino ndi ovuta kuwaimba mlandu. Lolemba m'mawa amamudzudzula Romeo chifukwa chosinthasintha, amamuuza kuti othamanga amapunthwa, ndipo pa kukambirana komweko amavomera kumanga ukwatiwo masana a tsiku lomwelo. Chifukwa chake amachinena yekha: mwina ukwatiwu usandutsa udani wa mabanja awiriwa kukhala chikondi. Cholinga chabwino, koma ndiye kuti watenga ana awiri n'kuwasandutsa chida cha pulani yake yamtendere, popanda kuganiza kuti makolowo adzauzidwa liti, ndi ndani, motani. Iye ndi mlezi uja anadzipanga okha ankhoswe, koma ankhoswe oti mabanja onse awiri sakuwadziwa, ndipo tonse tikudziwa kuti ntchito ya nkhoswe imaoneka zinthu zikavuta, pomwe amayenera kuima poyera n'kunena kuti ukwatiwu ndikuudziwa ndine. Lachiwiri, Juliet atabwera ndi mpeni akuti bola kufa kusiyana n'kukwatiwa kawiri, imeneyo inali nthawi yoti bambo Laurence avale mkanjo wawo, apite kwa Kalonga kapena kwa a Capulet akanene kuti ukwati wa Paris sungatheke chifukwa mwanayu ndinamudalitsa kale ndi Romeo. Zikanawavuta, mwina akanalangidwa, koma anali ndi ulemu mumzindamo woti akanamvedwa. M'malo mwake amapatsa mwana wa zaka 13 mankhwala omugoneka ngati wakufa kwa maola 42, kuti akaikidwe m'manda momwe muli mtembo wa msuweni wake. Pulani imeneyi imateteza ukwati, inde, komanso imateteza wansembeyo kuti zake zisaululike, ndipo Juliet amaziona zimenezi. Asanamwe amadzifunsa kuti nanga ngati ndi poizoni yemwe bambowa andipatsa kuti asachite manyazi ndi ukwati womwe anamanga? Amaganiziranso zodzuka Romeo asanafike, zobanika, zopenga ndi mantha pakati pa mafupa. Mwanayu anawerengera zoopsa zonse zomwe wamkuluyo sanawerengere, n'kumwabe, chifukwa khomo lina linali litatsekedwa.

Ndipo zolakwika za wansembeyu sizithera pomwepo. Anamuuza Juliet kuti apite kunyumba akanamizire kuti wavomera, zomwe zinasangalatsa bambo Capulet mpaka kusuntha ukwati kuchoka Lachinayi kubwera Lachitatu, nthawi yotumizira uthenga ku Mantua n'kuchepa ndi tsiku lathunthu. Anali atalonjeza Romeo kuti nkhani azimutumizira kudzera mwa wantchito wake, koma Balthasar sanauzidwe kalikonse, nde anaona maliro n'kuthamanga ndi uthenga wolakwika. Kalata anapatsira wansembe mnzake, bambo John, osamuuza kuti ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Pomaliza kumanda kuja, Juliet atadzuka, mwamuna wake ali chigonere wakufa pambali pake, bambo Laurence amamuuza kuti tiye ndikakusiye kwa masisitere, amamva phokoso la alonda, amati sindingalimbenso mtima kukhala pano, n'kuthawa. Amusiya yekha mwana yemwe dzana lomwelo anawaonetsa mpeni. Apa sipafunika ubongo wa sayansi, anachita mantha basi.

Nanga tsoka? Seweroli limayamba ndi kutiuza kuti awiriwa nyenyezi zinawatsutsa, ndipo ngozi zilimodi. Wantchito wa a Capulet sadziwa kuwerenga, nde pa anthu onse a mu Verona amapempha Romeo kuti amuwerengere mayina a oitanidwa kupate. Bambo John amakatenga mnzake woti ayende naye, mnzakeyo anali akuyendera odwala, oyang'anira zaumoyo amawatsekera m'nyumba poganiza kuti muli mliri, kalata siifika. Anthu a ku London sakanaona ngati zopeka zimenezi, chifukwa mliri unatseketsa nyumba zamasewero kwa nthawi yaitali pakati pa 1592 ndi 1594, ndipo ife a nthawi ya Covid tikudziwa kuti ulendo ukhoza kufera pakhomo. Romeo amafika kumanda mphindi zochepa Juliet asanadzuke, wansembe amafika mphindi zochepa Romeo atamwa. Zonsezi ndi ngozi zenizeni. Koma ngozi iliyonse inapha chifukwa inapeza chinsinsi chili kale pamalo. Kalata yochedwa sikanapha munthu pakanakhala kuti anthu oposa awiri akudziwa kuti Juliet ali moyo. Mercutio sakanamenya ndeu akanadziwa kuti Tybalt tsopano ndi mlamu wa mnzake. Ndipo chinsinsicho chinafunika chifukwa cha udani womwe m'sewero lonse palibe olo munthu mmodzi amatiuza kuti unayamba bwanji. Antchito amamenyana chifukwa mabwana awo amadana, mabwanawo amadana chifukwa amadana.

Ngati ndingamupezere Juliet cholakwa, n'choti sanayese kuwauza makolo ake chilungamo, anasankha mawu a matanthauzo awiri ndi bodza. Koma munthu amene wamva zomwe bambo ake ananena chifukwa chongokana Paris angayerekeze zomwe zikanachitika akanamva kuti wakwatiwa ndi wa kwa Montague yemwe wapha Tybalt, pomwe amayi ake anali atangonena kumene kuti atumiza munthu ku Mantua akamuthire Romeo poizoni. Ine sindingamuuze mwana ameneyo kuti ukanangolankhula.

Pomaliza anthu asanu ndi mmodzi afa: Mercutio, Tybalt, Paris, Romeo, Juliet, komanso mayi Montague omwe amamwalira ndi chisoni mwana wawo atathamangitsidwa. Asanu mwa iwo ndi achinyamata. Kalonga Escalus ndi yekhayo wamkulu amene amadziimba mlandu mosazungulira, amati chifukwa chotsinzina pa mikangano yanu ndataya abale anga awiri, ndipo n'zoona, kumayambiriro kuja anatchula yekha kuti ndeu zinali zitachitika kale katatu iye akungochenjeza. Bambo Laurence amafotokoza zonse n'kunena kuti ngati china chalakwika chifukwa cha iwo aphedwe, Kalonga amangoyankha kuti timakudziwani kuti ndinu munthu woyera, nkhani yathera pomwepo. A Capulet ndi a Montague amagwirana chanza, kenako aliyense amalonjeza kumangira mwana wa mnzake chiboliboli chagolide, zomwe ena amaziona ngati kulapa, ine ndimaziona ngati mpikisano uja wangosintha malo. Palibe pomwe bambo Capulet amatchula zomwe ananena Lachiwiri m'mawa.

Kalonga amati ena akhululukidwa, ena alangidwa, koma Shakespeare satiuza kuti ndani. Brooke ndiye anatchula mayina m'ndakatulo yake ija. Mlezi anathamangitsidwa mumzinda chifukwa chobisa ukwati, wantchito wa Romeo anamasulidwa poti ankangomvera bwana wake, wansembe anamasulidwa chifukwa cha ntchito zabwino zomwe anachitira mzindawo kale ndipo anakakhala kwayekha mpaka imfa yake. Makolo sanakhudzidwe. Amene ananyongedwa ndi wogulitsa mankhwala uja, bambo wanjala wa ku Mantua yemwe Juliet sanamuonepo n'komwe.